Masokosi Achikasu a Kanyerere

3 Meyi

Akulu anga,

Landirani moni kuchokera kuno kutauni. Muli bwanji? Alamu anga ali bwanji, msana uja unawasiya? Nanga mwana wanga Kanyerere, akadali wosakhala pansi ngati kale? Ine ndili bwino, kupatula mapazi omwe madzulo aliwonse amandidandaulira. Ndikulemba kalata chifukwa foni yanu ija chigwereni m'beseni lochapira simunagule ina, ndipo ndatopa kuimbira munthu amene ali pansi pa madzi.

Nkhani yake ndi iyi. Dzulo kuntchito ndinaona pa bolodi mayina a sukulu zomwe zidzabwere kuno ku paki ya zosangalatsa mwezi wamawa, ndiye diso langa linagwera pa sukulu ya Kanyerere, kalasi yake yomwe. Chichokereni kumeneko chaka chatha sindinamugwirepo mwana wanga ndi manja angawa, lero ndikumva kuti akubwera pamalo pomwe ndimagwira ntchito! Inu bwanji simunandiuze?

Tsono mvetserani, pakuti ine ndimaona ana ambirimbiri tsiku lililonse, ndipo ndimadziwa amene amabwerera kwawo akuseka ndi amene amabwerera akulira. Avale kabudula kapena buluku, osati diresi. Nsapato zikhale zomanga ndi zingwe, zakale zomwe phazi linazizolowera. Zatsopano zimayamba kuluma dzuwa lisanafike pamutu, ndipo mapatapata amauluka pa sitima yokhotakhota yomwe ana amakwera kuno. Kuno tili ndi thumba lodzaza mapatapata a phazi limodzilimodzi. Chikwama chikhale chaching'ono, cha kumsana, kuti manja azigwira pogwira. Muikemo botolo la madzi, buledi, nthochi, ndi malaya osinthira chifukwa pali bwato lomwe limanyowetsa munthu mpaka m'makutu. Musaiwale jumbo yoikamo zonyowazo. Nambala ya aphunzitsi muilembe pa kansalu n'kukasokerera m'thumba la kabudula. Tsitsi mumuluke lomata, lopanda mikanda, chifukwa mikanda imakola.

Chomaliza ndiye chachikulu. M'phukusili muli masokosi achikasu owala, aatali ofika m'mawondo. Adzavale amenewo, ndipo adzawakokere m'mwamba. Zina zonsezo mukhoza kuiwala, ndidzakukhululukirani, koma masokosiwa ayi. Musandifunse zambiri.

Mundiyankhe msanga, mundiuze wakula bwanji.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kanyerere

10 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni wako tamulandira, phukusi nalo lafika. Kuno tonse tili bwino. Msana wa alamu ako umadwala ukamva kuti pali madzi okatunga, koma kukakhala mpira umachira wokha. Kanyerere wakula, akundifika pachifuwa, ndipo pakamwa pakula kuposa thupi.

Sindinakuuze za ulendowu chifukwa timafuna tidzakudzidzimutse, koma iwe maso ako ali paliponse. Mwana wako m'nyumba muno satipatsa mpata. Akadzuka ndi za paki, akamadya ndi za paki, dzana anamangirira mpando kumsana kwa alamu ako ati ayeserere kukwera sitima.

Tsono za masokosi. Nditatsegula phukusi ndinaseka mpaka misozi. Ine ndimagulitsa zovala za ana pamsika, ndiye iwe ukunditumizira masokosi kuchokera kutauni? Achikasunso! Waiwala kuti pansi pa benchi yanga pali mtolo wathunthu wa masokosi omwewa, womwe unausiya uli pomwepo? Ngakhale nditsitse mtengo bwanji, anthu amangowagwira, n'kuwatembenuza, n'kuwabweza mwaulemu. Kanyerere atawaona anati, "Amayi aakulu, ndiye ndizidzaoneka ngati mwanapiye." Sindinamutsutse, chifukwa sananame.

Iye akufuna diresi lake loyera la malamba aatali lija ndi nsapato zogogoda zomwe ndinamupatsa atakhoza mayeso. Akuti sangakaonekere kwa mayi ake atavala ngati akupita kukathyola mango. Apa ndiye ndili kumbali yake. Mwana wakusowa chaka chathunthu, umulole atchene.

Alamu ako nawo atenga nkhani ya chikwama ngati ntchito yolembedwa. Aikamo ambulera, tochi, bulangete, chingwe, mankhwala a m'mimba ndi mpeni wosendera malalanje. Mwana atachibereka anagwa chagada ngati kamba, miyendo ili m'mwamba, iwo n'kumati azolowera.

Ngati nkhawa yako ndi yoti angasowe pagulu, ndili ndi chipewa chofiira chabwino kwambiri. Pagulu la anthu timaona mitu, mng'ono wanga, sitiona mapazi. Kodi kutauniko nzeru zinatsikira m'miyendo?

Undiuze adzakupeza pati, ndipo ntchito yako kwenikweni ndi yotani, pakuti nthawi zonse ndikafunsa umandizemba. Utumizenso kangachepe ka basi, aphunzitsi ayamba kale kutolera.

Ndine mkulu wako

16 Meyi

Akulu anga,

Moni nonse. Ka basi ndatumiza, mukalandira mundidziwitse. Ndasangalala kumva kuti wakula, ngakhale mtima wandipweteka kuti wakulira kumbali ine osaona.

Diresi loyeralo likhale m'sutikesi. Mwezi watha kamtsikana kena kanabwera ndi diresi la malamba chonchi, lamba linakodwa pachitseko cha kagalimoto, kanatsika diresi litang'ambika mpaka m'chiuno, ndipo tsiku lonse kanayenda katafunda juzi la aphunzitsi, kakulira. Nsapato zogogodazo akadzavala, pofika masana adzakhala atazinyamula m'manja. Ine sindikufuna kuona diresi, ndikufuna kuona mwana.

Alamu anga muwauze kuti ndawathokoza, koma mwanayu sakusamuka. Pachipata amatsegula zikwama, mpeniwo adzawulanda, ndipo bulangete pa dzuwa la kuno ndi chilango. Chipewa chofiira ndavomera, bola muchisokerere chingwe cha pachibwano kuti chisauluke. Koma chipewa sichikulowa m'malo mwa masokosi. Akulu anga, inu ndi wamkulu, sindinakulamulenipo chibadwire, koma apa pokha ndikugwirani mwendo: masokosi achikasu, okokera m'mawondo. Akakana mumuuze kuti mwanapiye ndi amene mayi ake samutaya.

Pali china chomwe chikundisowetsa mtendere. Tsiku limenelo sindipuma. Ndinapempha, koma mnzanga amene timasinthana naye wangobereka kumene, ndipo masiku a ana a sukulu akapitawo athu samva za munthu. Basi yawo idzanyamuka ine ndisanaweruke. Ndiye sindidzatha kukhala naye pansi n'kucheza monga mukuganizira. Koma ndidzamuona. Akadzavala masokosiwo ndidzamuona, ndipo ndidzamugwira.

Ntchito yanga ndi yolandira alendo. Zokwanira zimenezo.

Mng'ono wanu,
Make Kanyerere

21 Meyi

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Dzino lija linatuluka ndipo linamera lina lalikulu. Masamu ndinakhoza koma kulemba aphunzitsi akuti ndimathamanga.

Amayi aakulu akuti diresi mwakana. Ndinalira pang'ono koma ndasiya. Masokosi ndawayesa, Abambo aakulu anayamba kundiitana ngati nkhuku n'kumamwaza manja ngati akundipatsa chakudya, ndiye Amayi aakulu anawathamangitsa ndi tsache. Ndidzavala chifukwa mwanena ndinu.

M'chikwama mwatsala botolo, malaya, jumbo ndi tochi. Tochi Abambo aakulu amaibwezeramo Amayi aakulu akatuluka.

Anzanga ndinawauza kuti amayi anga amagwira ntchito mu ofesi ya kupakiko, ali ndi tebulo lawo ndi mpando wozungulira. Mnzanga wokhala naye desiki akuti ndikunama. Ndiye tikadzafika mudzatuluke mu ofesimo ngakhale pang'ono kuti akuoneni. Mudzavale malaya abwino.

Kodi sitima yokhotakhota munthu amagwa? Kodi mudzandizindikira? Ndatalika.

Ndine mwana wanu,
Kanyerere

27 Meyi

Akulu anga,

Moni. Kalata ya Kanyerere ndailandira. Iyi muwerenge muli nokha, alamu anga asaione, chifukwa akaseka msika wonse umva.

Ine ndilibe ofesi, ndilibe tebulo, mpando wozungulira ndimangouona kwa akapitawo. Ine ndine njovu. Musaseke. Pakhomo la pakiyi pamaima njovu yaikulu ya nsalu, ya makutu ngati malichero, yomwe imavina n'kumakumbatira ana. M'kati mwa njovuyo mumakhala ine, mng'ono wanu.

Chimutu chake n'cholemera ngati ndowa yodzaza, ndipo maso ake ndi opaka utoto chabe, saona kanthu. Ine ndimaonera pakamwa, pansi pa chitamba, pomwe anaikapo kansalu ka mabowo ngati sefa. Pakamwa pa njovu pamayang'ana pansi. Ndiye chomwe ndimaona ndi kadera kakang'ono ka patsogolo panga, ndi anthu kuyambira m'mawondo kutsika. Nkhope sindiziona. Chipewa chanu chofiira chija, ngakhale chitayaka moto, ine sindingachione. Chaka chonsechi ndakhala ndikukumbatira ana a eni ake ndikuwadziwira ku nsapato. Mwamva tsopano chifukwa chake nzeru zanga zinatsikira m'miyendo?

Malamulo ake ndi ouma. Njovu silankhula. Njovu sivula mutu pamaso pa alendo, ngakhale thukuta likulowe m'maso. Njovu ilibe m'bale. Mnyamata amene ankavala mkango anachotsedwa ntchito chifukwa choyankha mng'ono wake atamuitana. Popuma amatilowetsa kuseri, kuchipinda komwe alendo safika, timangovula mutu n'kumwa madzi. Masiku a ana a sukulu akapitawo amayenda pambali panga penipeni, ndiye sindingatume munthu kuti akandifunire mwana.

Nzeru yanga yonse ndi masokosi aja. Ana a sukulu amabwera ndi masokosi oyera kapena akuda. Ndikadzaona miyendo iwiri yachikasu ikubwera, ndidzadziwa kuti ndi wanga, ndipo ndidzamukumbatira monga ndikufunira, iye osadziwa, akapitawo osadziwa. Zimenezo zokha zindikwanira mpaka tchuthi.

Musamuuze. Mukumudziwa pakamwa pake, adzakuwa kuti "Amayi!" paki yonse imve, ntchito n'kuthera pomwepo. Komanso anawauza kale anzake za ofesi, sindikufuna adzamuseke chifukwa cha ine. Kunena zoona ntchitoyi ndimaikonda. Palibe ofesi yomwe ana amaithamangira atatambasula manja. Koma mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sangamvetse zimenezo pamaso pa anzake. Mudzangomuuza kuti kuofesi kunachuluka ntchito.

Ndakuululirani zonse. Tsopano sungani masokosi anga ngati diso lanu.

Mng'ono wanu,
Make Kanyerere

28 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni wochuluka. Chikutumizire kalata ya Kanyerere sindinamve kuchokera kwa iwe, koma sindidikira, chifukwa ndili ndi nkhani yokoma yoti ikakhala m'kamwa mwanga tsiku lina ndiphulika.

Dzulo kunali msonkhano wa makolo kusukulu, wokambirana za ulendo. Ukanaona chisokonezo chake! Wina akuti ana avale masuti, wina akuti anyamule mipando, bambo wina akufunsa ngati chigudumu chachikulu chokweza anthu m'mwamba kupakiko chili ndi mabuleki. Aphunzitsi anangogwira mutu. Ndiye ine ndinaimirira, ndinakonza mpango, n'kunena kuti, "Makolo anzanga, mng'ono wanga amagwira ntchito konko, ndipo wandilembera zonse." Ndinatulutsa kalata yako yoyamba ija n'kuiwerenga mokweza. Za kabudula, za nsapato zakale zomanga, za jumbo, za kansalu ka nambala. Aphunzitsi ankalemba. Iwe, unandikweza tsiku limenelo!

Nditafika pa masokosi, aphunzitsi anaimitsa cholembera. Anati, "Mayi, bwerezani pamenepo." Ndinabwereza. Anati, "Imeneyo ndiye nzeru ya munthu wodziwa ntchito. Zipewa ana amavula, majuzi amataya, koma masokosi savula. Ndikamadzayang'ana pagulu ndizidzangowerenga miyendo yachikasu. Kalasi yonse ivale chimodzimodzi!" Makolo anaomba m'manja. Kenako mayi wina anafunsa kuti masokosi otere tikawapeza kuti nthawi yatha kale. Mng'ono wanga, ndinangotsokomola pang'ono.

Mtolo uja watha! Mtolo womwe unandikhalira pansi pa benchi ngati mlendo wosatsanzika, lero m'mawa watha wonse, mpaka aphunzitsi atengako awo. Pansi pa benchi ndasesapo, pakuoneka simenti. Ndimakuseka, koma ndavula chipewa, unaona patali. Kanyerere naye wasangalala, akuti tsopano anapiye achuluka, palibe womuseka.

Ndiye usadandaule, mwana wako sasowa. Kalatayi ndawapatsira alamu ako kuti akaponye akamapita kokaonera mpira, ikupeza msanga.

Ndine mkulu wako wonyadira

7 Juni

Akulu anga,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mukanakhala pafupi tikanayamba ndi zina. Chikuululireni za njovu sindinalandire kalata yanu ngakhale imodzi. Tsono mundiuze: ndani anachita zimenezi? Musavutike kuyankha, masokosi a pansi pa benchi yanu ndimawadziwa.

Dzulo ndinalawirira ngati ndikupita kukalemba mayeso. Ndinapesa ubweya wa njovu, ndinapukuta minyanga, mpaka akapitawo anandifunsa ngati kukubwera nduna. Ndinaima pamalo panga pafupi ndi akavalo a zidole ozungulira. Sukulu zinayamba kulowa. Masokosi oyera, masokosi akuda, oyera, akuda. Ine diso lili pa kasefa kanga.

Kenako ndinaiona. Miyendo iwiri yachikasu, ikuthamanga kubwera kwa ine. Kamwanako kanandigunda pamimba ndi mphamvu, ndinakakumbatira, m'kati mwa chimutu ndikungoti mwana wanga, mwana wanga, misozi ili chuchuchu. Nditakamasula n'kuyang'ana pansi, ndinaona kumbuyo kwake kuli miyendo ina iwiri yachikasu. Kumbuyo kwa iyo, inanso. Ndinatembenuza chimutu uku ndi uku: chikasu chokhachokha, ngati munthu wakhuthula dengu la anapiye. Ina inali yaikulu yaubweya, ndikhulupirira inali ya aphunzitsi. Nsapato nazo zofanana, zakuda, zakale, zomanga ndi zingwe, monga ndinalangizira ine mwini ndi dzanja langali.

Njovu silankhula, koma dzulo inatsala pang'ono kutchula dzina lanu.

Ndinaima kaye ngati chitsa. Akapitawo anandigogoda paphewa, amvekere, "Njovu, ana akudikira." Pamenepo ndinaganiza kuti, chabwino, ngati sindingamusankhe, ndiwakumbatira onse, ndipo aliyense ndimukumbatira ngati ndi iyeyo. Ana anapanga mzere. Ndinagwada, ngakhale kugwada m'chinthu chimenechi ndi nkhondo. Aliyense ndinkamufungatira bwinobwino, ndimusisite kumsana, ndimukokere sokosi ngati yatsika. Wina ankanunkha nthochi, wina anali atanyowa kale sindikudziwa kuti madzi anawapeza kuti, wina anandikoka chitamba kufuna kuona ngati chimachoka. Ena ankaseka mpaka ndinkamva kunjenjemera kwa nthiti zawo m'manja mwanga.

Mzerewo sunkatha. Ndikati ndamaliza, ndikuona miyendo ina yaima. Thukuta ndi misozi zinasakanikirana, chikasu chinkangoyandama m'maso. Nthawi yopuma itakwana akapitawo anandikoka mkono, ine ndinapukusa chimutu kukana, chinthu chomwe sindinachitepo. Iwo anangoti, "Kalasi imeneyi ndi yaikulu bwanji," n'kundisiya. Womaliza anandigwira nthawi yaitali, nkhope ataikwirira mu ubweya, mpaka aphunzitsi anachita kumuitana kuti anzake akupita ku sitima.

Sindikunamizani, linali tsiku lokoma. Sindinakumbatirepo ana chonchi chiyambire ntchito. Masana ndinkamva kukuwa kwawo kuchokera ku bwato lonyowetsa lija, ndinkavina ndekha ngati wopenga, alendo n'kumajambula.

Koma pali chomwe chikundidya. Panali miyendo ina yachikasu yomwe inaima patali, sinayandikire. Ana ena amaiopa njovu, ndimawadziwa, zala za kumapazi zimayang'ana kothawira. Ndipo mukukumbukira kuti Kanyerere ali wamng'ono ankaopa chilichonse chachikulu, ngakhale ng'ombe ya pa chithunzi. Mwinanso sanaime n'komwe, anapita kukafunafuna ofesi ya amayi ake. Akulu anga, kodi ndakumbatira ana a anthu onse n'kusiya wanga? Mumufunse mochenjera, ngati nkhani wamba, kuti njovu anaiona, ndipo anaiyandikira? Mundiyankhe lero lomwe. Kalatayo mukaponye nokha.

Mng'ono wanu,
Make Kanyerere

13 Juni

Mng'ono wanga,

Moni, ngati ukulandirabe moni wanga. Ndalakwa, ndipo sindikuwiringula. Muenvulopu muno upezamo makalata atatu: iyi, ya mwana wako, ndi ina yakale yomwe ndinakulembera za msonkhano wa makolo. Imeneyo ndaipeza dzulo m'thumba la jekete la alamu ako pochapa. Akuti timu yawo inagonja ndiye anasokonezeka maganizo. Uiwerenge kuti uone mmene munthu amanyadira akudzikumbira dzenje.

Kalata yako ya njovu inandipeza madzulo oti mawa lake ndi ulendo. Ndinaiwerenga nditakhala pa benchi yanga, pamwamba penipeni pa malo omwe panali mtolo uja. Sindinaseke, mng'ono wanga. Masokosi anali kale m'nyumba za eni ake, ochapa, oyanika. Ndinaganiza zomuveka Kanyerere amtundu wina, koma iwe ukanadziwa bwanji? Unali kudikira chikasu.

Ndiye ndinaphwanya lamulo lako. Ndinamukhazika pansi ndikumuluka tsitsi, n'kumuuza zonse. Ndinati, "Mayi ako sangathe kukupeza, ndawasokoneza ndine. Uwapeze ndiwe. Koma ukangotsegula pakamwa, ntchito yawo yatha." Kanyerere anangofunsa funso limodzi lokha: "Ndiye m'menemo samva kutentha?"

Zotsalazo akuuza yekha. Wandiletsa kuwerenga kalata yake, waimata ndi phula la kandulo. Chikwama chinabwera bwino, malaya onyowa ali mu jumbo monga unanenera, botolo lopanda kanthu, ndi tochi ya alamu ako yomwe sindikudziwa inalowamo nthawi yanji. Makolo akukuthokoza, palibe mwana anasowa kapena kutuluka matuza. Foni ndigula mwezi uno, ndaphunzira.

Ndine mkulu wako wamanyazi

13 Juni

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Mapazi akupweteka? Ine ndili bwino. Sitima yokhotakhota munthu sagwa koma mimba imatsalira m'mwamba. Pa bwato ndinanyowa mpaka m'makutu. Mnzanga wokhala naye desiki anasanza pa chigudumu.

Amayi aakulu anandiuza kuti ndisalankhule ndipo sindinalankhule. Ndinaluma kolala ya malaya kuti mawu asatuluke. Za ofesi musadandaule. Mnzanga uja atandifunsa ndinamuuza kuti muli pa ntchito yofunika kwambiri simungatuluke, ndipo si bodza. Sindinauze munthu aliyense, koma pakamwa pakundiyabwa kwambiri. Amayi a anzanga onse palibe amene ali njovu.

Mumavina bwino koma makutu amatsalira.

Amayi aakulu akuti mukulira chifukwa simukudziwa ngati munandigwira. Amayi, amene anakugundani pamimba poyamba uja ndine, pepani ngati zinapweteka. Mutandisiya ndinathamangira kumbuyo kwa mzere n'kuimanso. Mutandisiyanso ndinakaimanso. Abambo oyenda nanu aja anandiona, anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana kumwamba ngati akufuna mbalame. Ndiye ndinapitiriza. Kalasi yathu si yaikulu, Amayi. Anzanga atatha onse ndinatsala ndekha, ndinkangozungulira kumbuyo kwa aphunzitsi n'kubweranso, inu n'kumandikokera sokosi yomweyomweyo.

Womaliza uja ndinenso. Sindinkafuna kuchoka chifukwa ndikaika khutu pa ubweya ndinkamva mukupuma m'katimo.

Ndine mwana wanu,
Kanyerere